Funsani Azakhali: Ntchito ya keya, ku Mangalande ndi kwathu

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za ntchito ya keya, yosamalira okalamba, aulumali, odwala ndi ana. Kwa inu amene mukuwerenga tsambali koyamba, ntchitoyi ndinaiyambira kwathu ku Thyolo, m'gulu la amayi a mpingo loyendera odwala m'makomo, nthawi imene Edzi inkatha anthu ma ARV asanafike m'zipatala zonse. Lero ndimayang'anira anzanga pa nyumba ina yosamalira okalamba kumpoto kwa England.

Azakhali, ndine mayi wa zaka 34, ndimagulitsa kaunjika mu Limbe. Mnzanga wa kutchalitchi anandilumikiza ndi bambo wina amene akuti ali ndi kampani ya keya ku Birmingham ndipo andipezera COS, chikalata cha wolemba ntchito chofunsira viza. Akufuna mapaundi 7,000, theka panopa, theka ndikafika. Wanditumizira kale kalata ya chidindo pa WhatsApp. Amuna anga akuti tigulitse puloti yathu ya ku Chileka. Nditani? — Mayi wa ana atatu, Bangwe

Mayi, puloti musagulitse, ndipo bambo ameneyo musamupatse ngakhale tambala. Aitaneni bambo a kunyumba muwerengere limodzi yankholi.

Njira imene akukulonjezaniyo inalipodi, koma inatsekedwa. Mu Febuluwale 2022 boma la Britain linalola makampani osamalira anthu kulemba antchito ochokera kunja pa viza ya Health and Care Worker, poti Covid itadutsa, dzikoli litatulukanso mu European Union, antchito anachepa kwambiri m'nyumba za okalamba. Ndi nthawi imeneyo pamene kunabwera chinamtindi cha anthu a ku India, Nigeria, Zimbabwe ndi Ghana, pamodzi ndi Amalawi ena. Pa 11 Malichi 2024 zinthu zinayamba kuthina: wobwera kudzagwira keya analetsedwa kutenga mkazi, mwamuna kapena ana. Tsono pa 22 Julayi 2025 anatsekeratu. Kuchokera tsiku limenelo palibe kampani imene ingaitane munthu ali ku Malawi kuti adzagwire ntchito ya care worker kapena senior care worker. Ololedwa ndi okhawo amene ali kuno kale, kuwonjezera viza yawo kapena kusintha kuchoka pa viza ina, ndipo mwayi umenewo auikira malire a 22 Julayi 2028. Inu muli ku Bangwe, choncho COS ya keya singakupezereni viza ngakhale itakhala yeniyeni.

Ngakhale pamene njira inali yotsegula, COS, kapena kuti Certificate of Sponsorship, sinali malonda. Ndi nambala imene kampani ya laisensi imatulutsa kudzera pa kompyuta ya Home Office, unduna wa kuno woona za maviza, ndipo woilipira ndi wolemba ntchito. Lamulo la kuno la 1973 loyang'anira maejenti limaletsa kulipiritsa munthu chifukwa chomupezera ntchito. Komanso Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali pa mndandanda wa World Health Organization wa mayiko amene azaumoyo ndi operewera kwambiri, ndipo ndondomeko ya boma la Britain imaletsa maejenti kukasaka antchito a zaumoyo ndi a keya m'mayiko amenewa. Ejenti wolongosoka sakanakupezani kudzera kwa mnzanu wa kutchalitchi. Ameneyo ndi dobadoba.

Ndikulankhula mosapsatira chifukwa ndawaona amene analipira. Boma la kuno linanena lokha kuti pakati pa Julayi 2022 ndi Disembala 2024 linalanda malaisensi oposa 470 m'makampani a keya, ndipo antchito okhudzidwa ndi makampaniwo anaposa 39,000. Ena a iwo tinkawalandira kumapemphero a Amalawi. Munthu watsika ndege, wapita pa adiresi ya kampani, wapeza potseka. Wina kampani waipeza, koma ikumupatsa maola 8 pa sabata, renti ya chipinda ikumudikira. Kumudzi munda unapita, wa katapila akulawirira pakhomo pa mayi ake. Mtsikana wina ankagona pansi m'chipinda cha anzake, akudya zolandira ku food bank, malo ogawirako chakudya kwa osowa, koma akaimba foni kwawo ankati zonse zili bwino. Akanayambira pati kuwauza anthu amene anagulitsa ng'ombe kuti iye akwere ndege?

Mukamukana, bamboyo asintha thabwa. Adzati bwerani pa viza ya mlendo, zina tidzakonzera konkuno. Mlendo saloledwa kugwira ntchito, ndipo sangasinthe viza yake kukhala ya ntchito ali m'dziko muno. Mwinanso adzati ku Britain kwavuta koma malo alipo kudziko lina. Kumbukirani amayi athu amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, n'kukatsekeredwa m'nyumba za anthu atalandidwa mapasipoti. Kwathu kuli lamulo la 2015 lothana ndi kuzembetsa anthu. Sungani mauthenga ake onse ndi nambala imene akuti mutumizeko ndalama, mukaonetse kupolisi. Mnzanu uja mumuchenjezenso, mwina naye sakudziwa chimene akufalitsa.

Ndikudziwa mmene mitengo ya mabelo yakwerera, ndipo sindikupeputsa chimene chikukukankhani. Koma puloti ya ku Chileka ndi ya ana atatuwo.

Azakhali, ndine namwino, ndagwira zaka 6 pachipatala cha boma. Ndamva kuti ku UK atseka. Kodi ndi ife tomwe? — Namwino, Kasungu

Ayi anamwino, yatsekedwa ndi ya keya, inu njira yanu ndi ina. Mumalembetsa ku Nursing and Midwifery Council (NMC), bungwe la kuno loyang'anira anamwino. Pamafunika mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET, mayeso a pakompyuta otchedwa CBT amene mungalembe musananyamuke, kenako OSCE, oonetsa luso la manja, amene mumadzayesedwa kuno. Poti Malawi ali pa mndandanda ndatchula uja, mumafunsira ntchito nokha mwachindunji kwa olemba ntchito, ndipo simulipira munthu aliyense kuti akupezereni malo. Ngati pepala lanu ndi la nurse midwife technician, yambani mwafunsa ku NMC ngati akulilandira musanataye ndalama pa mayeso a Chingerezi. Nyumba zambiri za okalamba zimalembanso anamwino, si zipatala za boma za NHS zokha.

Ine ndili kuno, choncho sindingakuuzeni kuti musabwere, ngakhale mtima umandipweteka ndikaganiza za wodi imene muisiye. Chimodzi chokha: ngati boma kapena mishoni inakulipirirani sukulu ndipo munasainira zaka zoti mugwire, zimalizeni kaye.

Azakhali, ndinabwera ku Leeds kutsatira mkazi wanga amene ndi namwino. Kwathu ndinali mphunzitsi wa sekondale. Ntchito imene ikupezeka msanga ndi ya keya, koma ndikuchita manyazi. Achimwene anga anandiseka pafoni kuti digiri yonse ija ndikapukutire nkhalamba za azungu. Kodi ntchitoyi imakhala yotani kwenikweni, nanga ili ndi tsogolo? — Aphunzitsi, Leeds

Aphunzitsi, kupukuta kulipo, sindikubisirani. Mudzasintha matewera a akuluakulu, mudzakhuthula thumba la mkodzo, mudzatsuka mano oikirira. Koma achimwene anuwo angoona chigawo chimodzi cha tsiku la maola 12.

Pamene ndimagwira ine, shifiti ya masana imayamba 8 koloko m'mawa. A usiku amatiuza kaye amene sanagone, amene anagwa, amene wakana chakudya. Tikatero timalowa chipinda ndi chipinda. Mumagogoda, ngakhale mukudziwa kuti mwini chipinda samva. Mumatchula dzina lanu ndi chimene mwadzera, n'kupempha chilolezo. Akakana kusamba simumukakamiza, mumachoka n'kubweranso pakapita kanthawi, chifukwa lamulo la Mental Capacity Act la 2005 limati munthu aliyense atengedwe kuti angathe kudzisankhira yekha pokhapokha zitatsimikizika kuti sangathe. Posambitsa, mbali imene simukutsuka mumaifunditsa thaulo. Maso anu amakhala pakhungu: zidendene, m'chiuno, kumunsi kwa msana. Malo akafiira osabwerera mwakale mutadina ndi chala, chilonda cha pabedi chayamba, ndipo chikalekereredwa chimadya mpaka pafupa. N'chifukwa chake ogona osadzuka timawatembenuza pa maola oikika, usana ndi usiku.

Amene sangaime timawanyamula ndi makina otchedwa hoist, anthu awiri, osati ndi msana wanu. Amene anadwala sitiroko ndipo amatsamwa, madzi awo akumwa timawathira ufa wapadera kuti alimbe pa mlingo umene katswiri analemba, poti madzi wamba akalowera kumapapo amabweretsa chibayo. Zonse zimalembedwa: makapu amene wamwa, nthawi imene mwamutembenuza, mankhwala amene wameza ndi amene walavula. Gogo wofatsa akayamba mwadzidzidzi kulusa kapena kubwebweta, wa keya wodziwa ntchito sathamangira kunena kuti wayamba mwano. Amaganiza kaye za matenda a m'chikhodzodzo, kudzimbidwa, kapena ululu umene mwiniwake sakutha kuutchula. Dokotala amabwera n'kupita. Wozindikira kuti mayi uyu lero sali ngati dzulo ndinu, ndipo nthawi zina kuzindikira kumeneko ndiko kumapulumutsa moyo.

Zowawa zilipo. Miyendo imatupa, Khirisimasi imakupezani kuntchito, ndipo malipiro ndi otsika: ambiri amayambira pafupi ndi malipiro otsikitsitsa a boma, amene mu Epulo 2025 anaikidwa pa £12.21 pa ola kwa azaka 21 kupita m'tsogolo. Mudzamva mawu a tsankho. Ena amachokera m'matenda a mutu, ndipo munthu yemweyo mawa adzakugwirani dzanja osafuna kulisiya. Ena amachokera kwa achibale amene mutu wawo uli bwinobwino, ndipo amenewo musawapirire, kanenezeni kwa manijala zilembedwe. Mudzakhalanso pambali pa anthu akutsirizika, ena opanda wachibale ndi mmodzi yemwe. Kwa ife amene tinakula tikuona mudzi wonse utasonkhana pakhomo pa wodwala, chimenechi ndicho chovuta kuchizolowera.

M'zipatala za kwathu, wosambitsa wodwala, kumudyetsa ndi kumuchapira ndi gadiyani, mayi kapena mlongo wogona pachitenje pakhonde, wosalandira kanthu. Palibe amene amamuseka gadiyani. Tsiku limene achimwene anuwo adzagonekedwe, adzafuna munthu wodziwa kutembenuza wodwala osamupweteka.

Inuyo muli ndi mwayi umene ambiri alibe. Viza yanu ndi yotsatira akazi anu, choncho simufuna sponsorship, kapena kuti kampani yokuimirani pa viza, ndipo bwana akakhala woipa mutha kumusiya. Amuna ndi osowa m'ntchitoyi, pamene madala ambiri amafuna mwamuna mnzawo kuti awamete ndi kuwasambitsa. Komanso keya si ya okalamba okha. Kuli nyumba za supported living kumene achinyamata a autism (vuto lobadwa nalo lovutitsa kulankhulana ndi kucheza ndi anthu) kapena ovutika kuphunzira amathandizidwa kuphika, kukwera basi, kusunga ndalama ndi kupita kukoleji. Kumeneko kuleza mtima kwa mphunzitsi ndiye chida chachikulu, ndipo ndikadakhala inu ndikadayambira kumeneko, kapena m'sukulu za ana ofunika chithandizo chapadera ngati wothandizira mphunzitsi.

Makwerero ake ali chonchi. Polowa amakufufuzani ku ofesi ya boma ya DBS ngati mulibe milandu, ndipo kalata ya kupolisi ya kwathu muikonzeretu. M'masabata oyamba mumachita Care Certificate, imene inayamba mu 2015. Amakuphunzitsani ndi olemba ntchito, musagule ya pa intaneti. Pamwamba pake pali Level 2 ndi Level 3 Diploma ya Adult Care. Wa Level 3 amakhala senior, wogawa mankhwala ndi kutsogolera shifiti. Level 5 ndi ya ofuna kukhala manijala wolembetsedwa ku Care Quality Commission (CQC), bungwe loyendera malo osamalira anthu. Ena amakhotera ku unamwino, ena ku social work n'kulembetsa ku Social Work England. Pa intaviyu afunseni ngati amalipirira antchito Level 3, ndipo musanapite werengani lipoti la CQC la malowo, limene aliyense angalione pa intaneti. Ikakhala ntchito yoyendera anthu m'makomo mwawo, funsitsani ngati amalipira nthawi ya pamsewu ndi mafuta, chifukwa ambiri amapsera pamenepo: tsiku lonse uli kunja, koma olipidwa ndi maola 6 okha.

Azakhali, ndinabwera mu 2023 pa COS. Abwana amandipatsa maola ochepa, amandidula ndalama za yunifomu ndi maphunziro, ndipo ndikadandaula amati andichotsa ndibwerere kwathu. Pano tamva kuti laisensi yawo ikhoza kulandidwa. Tulo sindikupeza. — Mtsikana wa ku Mzimba, Midlands

Mwanangu, yamba lero kusonkhanitsa mapepala: kontirakiti, kope la COS, mapayslip onse, zithunzi za rota (ndandanda ya masiku ako ogwira ntchito), ndi mauthenga amene amakuopseza nawo. Uzitumize ku imelo yakoyako, osati ya kuntchito.

Abwana ako alibe mphamvu yothamangitsa munthu m'dziko. Mphamvu imeneyo ndi ya Home Office yokha. Iwo analonjeza boma kuti azikulipira ndalama zimene zinalembedwa pa COS yako, ndiye akamakupatsa maola ochepa, wophwanya pangano ndi iwo. Kudula kwa yunifomu nakonso sikuyenera kutsitsa malipiro ako pansi pa mlingo wa boma.

Laisensi ikalandidwa, Home Office imakulembera, ndipo kawirikawiri imakupatsa masiku 60 kuti upeze sponsor wina, kampani ina yokuimira pa viza. Onetsetsa kuti imelo ndi adiresi za pa akaunti yako ya viza ya UKVI ndi zolondola, kuti kalatayo isakudutse. Koma usaidikire. Uli ndi ufulu wosintha kampani ngakhale panopa: watsopano amakupatsa COS yake, umafunsira viza yatsopano, ndipo umayamba ntchito ikavomerezedwa. Poti makampani sangaitanenso anthu kunja, iwe amene uli kale kuno, wodziwa ntchito, ndiwe wofunika. Ku England kuli maofesi a m'zigawo othandizidwa ndi unduna wa zaumoyo wa Department of Health and Social Care amene amalumikiza antchito otayidwa chotere ndi makampani ena. Maadiresi awo ali pa gov.uk. Pamene udakali pa sponsor wakoyu, viza imakulolanso maola 20 pa sabata kwina pa ntchito ya mtundu womwewo.

Za malipiro pita kumabungwe opereka malangizo a Citizens Advice kapena ACAS, ndipo lowa yuniyoni monga Unison kapena GMB. Ngati akusungira pasipoti kapena akukuopseza chifukwa cha ngongole, imbira Modern Slavery Helpline ya bungwe la Unseen. Malangizo a viza utenge kwa loya kapena munthu wolembetsedwa ku Immigration Advice Authority, osati kwa mkulu wina wa m'gulu la WhatsApp. Padzabwera wina wokugulitsa COS yachiwiri, padzabweranso wokubwereka dzina lake kuti uzigwirira ntchito. Onsewo uwakane, chifukwa zikadziwika wotaya viza ndiwe.

Ndipo uwauze makolo ako zoona. Achepetse zopempha mpaka utakhazikika.

Azakhali, ndakhoza MSCE ndi mapointi 22. Ine ndikufuna ntchito yothandiza ana ovutika ndi mabanja konkuno ku Malawi, osati kunja. Ndiyambire pati? — Mnyamata, Mchinji

Kalata yako yandisangalatsa, mwanangu. Yambira pa ofesi ya Social Welfare ya paboma pako, ukapemphe kucheza ndi ofisala ngakhale kwa theka la ola. Ofesi imeneyi ili m'boma lililonse, pansi pa unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu. Ndi imene imatsata nkhani za ana amasiye ndi ozunzidwa, kuchotsa atsikana m'maukwati, kuyendera malo osungirako ana, ndi kulemba malipoti a kukhoti mwana akalakwira lamulo, motsata Child Care, Protection and Justice Act ya 2010. Ana ena otere amatumizidwa ku Mpemba kapena ku Chilwa kukakonzedwa khalidwe, ndipo lipoti la ofisala limathandiza khoti kusankha ngati mwana apite kumeneko kapena abwerere kwa makolo. Mtukula Pakhomo nayenso amadutsa m'manja mwa anthu omwewa, ndipo anayambira kwanu komweko ku Mchinji mu 2006.

Sukulu zilipo. Magomero College ku Chiradzulu ndi ya unduna womwewu, ndipo yakhala ikuphunzitsa alangizi a chitukuko cha m'midzi ndi a chisamaliro cha anthu kwa zaka zambiri. Digiri ya social work imapezeka ku University of Malawi ku Zomba, ku Catholic University ku Nguludi ndi ku DMI St John the Baptist. Ngati mtima wako uli pa uphungu ndi matenda a maganizo, yang'ana ku Saint John of God ku Mzuzu. Usanalipire fizi kulikonse, fufuza ku National Council for Higher Education ngati sukuluyo ndi maphunzirowo n'zovomerezeka.

Usalowe ndi maso otseka. Malo a m'boma amatuluka mwa apo ndi apo, malipiro ndi ochepa, ndipo padzakhala masiku amene nkhani ya mwana wogwiriridwa yafika koma mafuta a njinga yamoto palibe. Kumabungwe ndalama zimakhalako bwino, koma pulojekiti ikatha ntchito yathanso. Pa intaviyu onse amabwera ndi mapepala ofanana, ndiye wopambana amakhala amene anagwirapo kale. Pamene ukudikira sukulu, dzipereke pa sukulu ya mmera mpoyamba ya m'mudzi mwanu, kumene alezi ambiri ndi ongodzipereka ndipo aamuna ndi ochepa, kapena thandizana ndi woteteza ana wa m'dera lanu. Pomaliza upemphe kalata yaumboni. Phunzira kulemba lipoti lomveka, kugwiritsa ntchito kompyuta, ndipo ukapeza ndalama tenga laisensi ya njinga yamoto. Nambala ya 116, yaulere yonenerako nkhanza za ana, uidziwe pamtima.

Pali khalidwe lina limene likundinyansa masiku ano, la kujambula mwana wovala sanza kapena gogo wolandira thumba la ufa n'kumuika pa Facebook. Usadzachite. Banja likakuuza za m'nyumba mwawo, zimenezo zithere m'fayilo ndi kwa amene akuyenera kuchitapo kanthu. Mudzi ukangodziwa kuti pakamwa pako m'potayirira, palibe mwana adzakuuzenso chimene amalume ake akumuchita.

Azakhali, ndili ndi zaka 23, ndimasamalira agogo anga aakazi. Anayamba kuiwala zinthu, amatuluka usiku n'kukapezeka pakhomo pa eni, nthawi zina atavula. Anthu ayamba kunong'ona kuti ndi mfiti. Ine ndinasiyira sukulu Fomu 3 chifukwa cha iwo. Ndiwateteze bwanji, nanga zimene ndikuchitazi zingadzandipatse ntchito? — Mdzukulu, Ntcheu

Mwanangu, agogo ako si mfiti, akudwala. Zimene walembazi ndimaziona tsiku lililonse kuntchito: kuiwala, kusokonezeka dzuwa likamalowa, kuyenda usiku kufunafuna kwawo kwakale, kuvula chifukwa chovala chikuwasautsa koma mawu onenera asowa. Zikufanana kwambiri ndi dementia, matenda amene amawononga ubongo pang'onopang'ono. Komabe pita nawo kuchipatala, chifukwa shuga, malungo, kuchepa magazi ndi matenda a m'chikhodzodzo nazonso zimasokoneza mutu wa wokalamba, ndipo zimenezo zimachizika. Upemphe adokotala alembe zimene apeza m'buku lawo la kuchipatala.

Manong'onong'owo usawaderere. Ku Neno mu 2016 okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo momwe atawaganizira ufiti. Tenga bukulo, tenganso mkulu wa mpingo kapena wazaumoyo wa m'dera lanu, mupite kwa amfumu chisanachitike chilichonse. Amfumu auze mudzi kuti gogoyu ndi wodwala, ndipo womupeza usiku amufunditse nsalu n'kumuperekeza kunyumba. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Wina akayamba kuopseza, pita ku Victim Support Unit ya kupolisi ndi ku Social Welfare tsiku lomwelo. Bungwe la MANEPO nalonso limatsata nkhani za nkhanza kwa okalamba.

Pakhomo, mangirira kabelu kapena zitini pachitseko kuti zikudzutse akamatuluka. Kuwala pang'ono kuzikhalapo usiku, poti mdima umawonjezera mantha. Masana asamangogona: yenda nawo, apatse nyemba asankhe, chimanga atong'ole, ayimbe nawe nyimbo za kutchalitchi zimene anaphunzira ali mtsikana, chifukwa zakale zimakhalitsa m'mutu kuposa za dzulo. Akafunsa za amuna awo amene anamwalira kalekale, usawauze za maliro mobwerezabwereza, chifukwa nthawi iliyonse amalira ngati akumva koyamba. Afunse kuti agogo aamuna anali munthu wotani, akufotokozere. Sokerera kansalu ka dzina ndi nambala ya foni m'chovala chawo. Machesi, parafini ndi mankhwala a mbewu zikhale patali. Akadzafika pogona osadzuka, uziwatembenuza pafupipafupi, ndipo dziwa kuti pakhungu lakuda ngati lathu chilonda cha pabedi sichiyamba ndi kufiira: malowo amada kuposa pena, amatentha kapena kuuma gwa.

Ntchito ingatulukemo, inde. Mu Lilongwe ndi Blantyre muli mabanja amene ana awo ali ku Joni kapena kuno, ndipo amafunafuna munthu wodalirika wosamalira kholo. Vuto n'lakuti ambiri amamutenga munthuyo ngati wantchito wa m'nyumba, kumuunjikira kuphika, kuchapa ndi kulera ana pa malipiro amodzi. Ukadzapeza malo otere, mulemberane: ntchito zako ndi ziti, tsiku lopuma ndi liti, ndalama ndi zingati. Kuti ukhale ndi chokuchitira umboni, sunga kope lolembamo mmene agogo akudyera, akugonera ndi mankhwala awo, chita maphunziro a chithandizo choyamba ku Malawi Red Cross, ndipo funsa pachipatala cha boma ngati a palliative care akufuna odzipereka a m'midzi. Malo ngati Ndi Moyo ku Salima ndi Tiyanjane ku Queens aonetsa kuti kusamalira odwala matenda osachizika ndi luso lophunziridwa kwathu komwe.

Koma popanda MSCE sudzapita patali, ndipo si chilungamo kuti mdzukulu mmodzi asenze yekha pamene agogowo anabala ana. Pempha ankhoswe kapena amalume aakulu aitanitse banja. Agawane masiku ogona ndi agogo, ndipo amene ali kutauni azitumiza ndalama mwezi ndi mwezi. Pamsonkhano umenewo fizi yako ya open school ilembedwe pa pepala lomwelo ndi ndalama ya sopo, matewera ndi thiransipoti ya kuchipatala, ndipo atchule dzina la amene azikhala ndi agogo masana iwe ukakhala m'kalasi.